Pensulo ya Madamu

Dzina lakuti a Chidziwikire anawapatsa ndi ana a sukulu, ndipo linawakanirira mpaka akazi awo ankalitchula akapsa mtima. Anali mphunzitsi wa masamu kusekondale, munthu wa taye ngakhale kunja kutenthe chotani, zala zili mbuu ndi choko. Mwana akafunsa kuti mzere uwu wachoka bwanji pa uwo, iwo ankatembenuka pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumuuza kuti zimenezo n'zachidziwikire. Mwanayo sankafunsanso chaka chonse.

Tsoka linawapeza imvi zitayamba kale. Eni sukulu analamula kuti mkulu wa masamu azikhala wa digiri. A Chidziwikire analibe. Anawalola kuti madzulo azikaphunzira kuyunivesite, koma anawauziratu kuti akakalephera, udindo upita kwa wina, pamodzi ndi nyumba ya pasukulupo. M'nyumba imeneyo ndi mmene ana awo onse anabadwira, ndipo makatani ake anasoka ndi akazi awo poyeza zenera lililonse.

Makosi ena anawadutsa poloweza, popeza mutu woloweza anali nawo. Imene inawagwetsa chagada ndi ya madifarensho ikweshoni, imene ophunzira ankangoitchula kuti Difu. Masamu amene iwo anakulira amafunsa kuti x ndi zingati, upeze nambala, udule mzere kunsi, basi. Difu safuna zimenezo. Amakuuza liwiro limene chinthu chikusinthira, kaya ndi tiyi akuzizira m'kapu, kaya madzi akutsika m'thanki yobooka, ndiye iwe upeze lamulo lonena mmene chinthucho chidzakhalire nthawi ina iliyonse. Chaka choyamba analephera. Lamulo la payunivesitepo linali louma: ukalephera kosi imodzi kawiri, akuchotsa.

Pobwereza, anagwiritsitsa njira imodzi imene inawalowa bwino, yolekanitsa. Umatenga zonse za y kuziika mbali ino, za x mbali iyo, kenako n'kuwerengera mbali iliyonse payokha. Njira imeneyi inawakomera chifukwa ndi mmene ankachitira ndi ana olongolola m'kalasi, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Vuto n'lakuti mu Difu muli mafunso ambiri amene x ndi y salekanitsika, ndipo amafuna njira zina. A Chidziwikire ankawalekanitsa ndithu, mokakamiza, yankho n'kutuluka looneka bwino koma labodza.

Kosiyo ankaphunzitsa ndi pulofesa m'holo yaikulu, munthu wolankhula ndi bolodi osati ndi anthu. Koma Lachinayi ophunzira ankagawidwa m'timagulu, ndipo gulu lawo linapatsidwa kwa mphunzitsi wothandizira, mayi wachitsikana amene onse ankamuti Madamu. Tsiku loyamba Madamu atalowa n'kuona mutu wa imvi pabenchi yakutsogolo, anaima njo, n'kupereka moni ndi manja awiri. Anali mwana wawo wa sukulu wakalekale.

A Chidziwikire anamukumbukira kuti anali wanzeru. Chimene anaiwala n'chakuti tsiku lina mtsikanayo anakweza dzanja n'kuwauza kuti alakwitsa pabolodi, iwo n'kumutulutsa kuti akaime pakhonde mpaka belu. Mawa lake anakonza cholakwacho mwakachetechete, osapepesa. Iwo anaiwala, koma Madamu sanaiwale.

Ndiye ntchito za ena ankachonga ndi bolopeni yofiira, mosanyengerera. Ikafika ya a Chidziwikire, dzanja linkakana. Ankatenga pensulo, n'kudula kamzere kosaoneka bwino pansi pa cholakwa, n'kulemba kuti "Mwayesetsa". Nthawi zina ankayesa kuwafikira mozungulira. Ankalemba pabolodi funso lofanana ndi limene iwo aphonya, n'kunena akuyang'ana pazenera kuti alipo ena amene amalekanitsa apa, koma sizitheka. A Chidziwikire ankagwedeza mutu, kuwamvera chisoni enawo. Kunyumba ankaonetsa akazi awo mapepala opanda chofiira, mayiwo n'kumati chaka chino Mulungu wawakumbukira.

Mayeso a pakati pa teremu anachonga pulofesa, amene ankangoona nambala ya wophunzira osati imvi zake. Pepala linabwera lofiira ngati aphera nkhuku pamenepo. A Chidziwikire analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la jekete, ndipo linakhala mmenemo sabata yathunthu. Chakudya chinasiya kutsika. Akazi awo akafunsa, ankati ndi m'mimba chabe. M'kalasi mwawo ankaima choko chili m'manja, mawu aja a masiku onse osatuluka, ana n'kumayang'anana. Mantha anawagwira enieni, a munthu wamkulu amene waona kuti mayeso omaliza ayandikira, ndipo sakudziwa ngakhale pamene akulakwitsa. Kufunsa m'kalasi sakanatha. Akweze dzanja iwo, pamaso pa tiana tofanana ndi ana awo, kufunsa mwana amene anamuphunzitsa okha?

Komabe Lachiwiri lina masana anakwera masitepe kupita ku ofesi ya Madamu, kachipinda kopanikiza ka matebulo awiri, ketulo ili pamwamba pa milu ya mapepala. Madamu anadzambatuka kuwapatsa mpando wake, koma iwo anakhala pakasitulu kapakhomo. Anayala patebulo pepala lofiira lija, pambali pake n'kuyala mapepala a pensulo aja.

"Madamu, awa ndi awa analemba munthu mmodzi. Nanga bwanji uku mwayesetsa, uku magazi okhaokha?"

Madamu anawayang'ana mapepalawo limodzilimodzi. Kenako ananena motsitsa kuti onsewo anali olakwa chimodzimodzi, kuyambira sabata yoyamba.

"Ndiye osandiuza?"

"Aphunzitsi, ndinakuuzanipo kamodzi kuti mwalakwitsa. Ndinaima pakhonde mpaka belu."

A Chidziwikire nkhope inawagwa. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa bolopeni yawo yofiira, yomwe ankachongera ana, n'kuiika m'manja mwa Madamu. Anamupempha kuti achonge zonse kuyambira pachiyambi, asasiye kanthu, ndipo akaona chopusa anene kuti n'chopusa.

Kuyambira tsikulo, nthawi ya chakudya chamasana inkawapeza pakasitulu paja. Madamu ankawafunsa funso limodzimodzi asanagwire cholembera: kodi apa zilekanitsika kapena ayi? Poyamba ankayankha msanga n'kuphonya. Kenako anaphunzira kuyamba ayang'ana. Anaphunziranso njira yachiwiri, yochulukitsa mbali zonse ndi chinthu chimodzi kuti funso limasuke, ndipo tsiku limene anapeza okha yankho loona la thanki yobooka ija, anaseka ngati mwana. Lachinayi lotsatira anakweza dzanja m'kalasi n'kufunsa chinthu chimene ena onse anachimva mwezi woyamba. Palibe anaseka. Mnyamata wa pambali pawo ananong'ona kuti nayenso pamenepo sankamva.

Koma kosi sinkawadikira. Pamene iwo ankakonza za mwezi woyamba, pulofesa anali atafika kale pa mafunso a masipuling'i ogwedera ndi magetsi oyenda m'mawaya. A Chidziwikire ankawerenga m'basi, ankawerenga poyembekeza msonkhano wa aphunzitsi, ankalemba ma y ndi ma x kuseri kwa mapepala a ana. Akazi awo anadziwa okha, popeza munthu wodwala m'mimba salankhula masamu posamba. Sanawafunse, anangoyamba kuwaikira chakudya m'kabokosi.

M'chipinda cha mayeso anawerenga pepala lonse kawiri. Mafunso oyambirira anawayankha bwinobwino, ndipo ankadziwa kuti ndi olondola. Otsalawo anawayang'ana n'kuona poyera kuti salekanitsika, ndi kuti njira yake sakuidziwa. Chaka chatha akanadzaza masamba ndi mabodza n'kutuluka akumwetulira. Tsopano anangokhala, masamba ali oyera, akumva wotchi ya pakhoma mpaka anawauza kuti aike zolembera pansi.

Zotsatira zisanamatidwe pabolodi, Madamu anabwera yekha kunyumba Loweruka m'mawa. Anawapeza pakhonde akuchonga makope a ana. Anakana mpando. Anaima manja ali kumbuyo, monga ankaimira kale ali mwana wa sukulu, n'kuyamba kunena kuti ayesetsa. Mawuwo anawadula pakati.

"Mwalephera, Aphunzitsi. Panatsala pang'ono, koma mwalephera. Akuchotsani."

A Chidziwikire anavula magalasi n'kuwapukuta ndi taye, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Kenako anati, "Zikomo, Madamu. Mwanena momveka."

Akazi awo anamva zonse ali m'chipinda chochezera. Sanalire. Anatuluka n'kupereka moni kwa mlendo, n'kumufunsa ngati wamwa tiyi. Atatero anamupempha kuti, poti ndi wamtali, alowe awathandize kumasula makatani, awachape akadali ndi chingwe choyanikapo.