Nthochi Zimene Anabzala Mkamwini

Ine woweruza wofatsa sindimukhulupirira msanga, ndipo zinayambira pa mlandu wa achimwene anga.

M'mawa wina achimwene anatenga chikwanje n'kugwetsa nthochi zonse za m'dimba la atsibweni, alongo awo a malemu amayi. Atsibweni sanafune zokambirana pakhonde, anathamangira kupolisi. Tsiku la mlandu ndinachoka ku Likoswe mtima uli m'mwamba, ndikudziwa kuti achimwene akukalowa ndende n'kusiya alamu ali ndi pakati.

Woweruza anali mayi wovala magalasi. Achimwene atavomera mlandu, mayiwo anavula magalasiwo n'kufunsa chapansipansi, "Nthochizo anabzala ndani?"

"Ababa."

"Ali kuti bambo anuwo?"

"Anali akamwini, bwana. Amama atamwalira anauzidwa kuti azipita kwawo. Chikwama anawatulutsira ndi atsibweni omwewa."

Kenako achimwene, munthu wandevu zake, anayamba kulira. Ine ndinapsa mtima. Ndinati uwu ndi msampha, awafewetse kaye kuti aulule zambiri, kenako awapane bwino. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma nyererezo sizinatuluke. Mayi aja analamula kuti achimwene ndi atsibweni azikakhala pansi ndi mlangizi wa kuchipatala, aliyense anene chimene chinamutsamwa, ndipo nthochizo akabzalenso awiriwo.

Titatuluka atsibweni anakalipa, "Amenewatu mwawadyetsa chibanzi!" Chibanzi chake tikanachitenga kuti, ife osauka? Komabe nanenso ndinkafunafuna chifukwa, poti chifundo chotere sichigwa ngati mvula. Mayi wina wogulitsa mandasi panja pa khoti anatinong'oneza, "Simudziwa? Oweruzawo nawonso bambo awo anathamangitsidwa pachikamwini, iwo ali kamtsikana."

Kaya n'zoona kaya ndi mabodza a pamandasi, sindidziwa.

Nthochi zinaphukanso. Achimwene analandira mwana wawo ali pakhomo, ndipo masiku ano amapatsana moni ndi atsibweni, ngakhale wouma. Ndimathokoza, koma mantha sanandichoke. Sindidziwa ngati mayi aja ankaweruza mlandu wathu kapena wawo. Pampando paja pakanakhala wina amene anamudulirapo nthochi zake, mwana uja akanawadziwira kundende bambo ake.