Inu Mulibe Batani

Zinayamba ndi kunjenjemera kwa manja. Munali m'mwezi wa Ramadani chaka chatha, ndikuyeza misomali pa sikelo mu shopu yanga ku Kaporo. Thukuta linkangotsika, maso akuchita chidima. Ndinati ndi njala ndi kutentha kwa Karonga basi. Matenda a shuga ndinali nawo kale, ndipo mapiritsi ndinkamwa m'bandakucha pa daku, chakudya chomaliza tisanayambe kusala, mlingo wake womwewo, osafunsa munthu.

Mwana wanga Asiyatu, amene akuphunzira za mankhwala, anali pa holide. Ankakhala kuseri kwa kauntala ndi laputopu, akuyeserera ntchito pa wodwala wongojambula wa m'laputopumo: mdala wadazi amene amayankha mafunso, ukalakwitsa mankhwala n'kukomoka. Ndinkamuseka kuti sukulu yonseyi akuphunzira kuchiza chidole.

Lachisanu lina masana miyendo inandithera, ndinakhala pansi pakati pa matumba a mpunga, lilime litalemera. Asiyatu anagwada n'kuyamba kundifunsa modekha, momwe ankamufunsira mdala uja: mwamwa chiyani, nthawi yanji, mwadya liti. Kenako anasungunula shuga m'kapu. Ndinatseka milomo. Dzuwa linali lisanalowe, ndipo chikhalire ndinali ndisanamasulepo kusala kwanga masana.

"Ababa," anatero, "mdala uja anandifera ndi zomwezi. Ndinadina batani, anadzuka. Inu mulibe batani."

Anandiyandikizira kapu pakamwa. Ndinamwa, misozi ikutsika, mtima ukundiwawa.

Kuchipatala anandigoneka n'kundiika diripi. M'mawa uliwonse ankandibaya chala, kenako ine n'kudikira dokotala mpaka dzuwa kukwera. Namwino wina anati, "Adada, shuga wanu anatsika kwambiri. Mwana wanu akanachedwa bwenzi tikunena zina." Dokotala anasintha mapiritsi ndi nthawi yomwera. Shehe wathu atabwera kudzandizonda anandikumbutsa kuti wodwala amaloledwa kudya, masiku n'kudzabweza akapeza bwino. Ndinagona tulo tsiku limenelo.

Pano ndili bwino, shopu ndikutsegula, ku sikelo ya shuga kuchipatala sindijomba. Anzanga a shuga, musanayambe kusala pitani kaye kuchipatala akakuuzeni kamwedwe ka mankhwala, ndipo manja akayamba kunjenjemera musadikire dzuwa kulowa.

Asiyatu anabwerera kusukulu. Akaimba foni ndimayamba ndafunsa za mdala uja, ngati akumwa bwino mankhwala. Amaseka, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga inu, Ababa, mwadya?"