Mwana Wosalira wa Dailesi

Mukafunsa pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda kuti mayi wodziwa kulera ndani, akuuzani kuti ndi Dailesi, mkazi wa tenanti Enoki. Koma mwiniwake akamva zimenezi amangozyolika.

Anachoka ku Phalombe atangokwatiwa kumene, kudzasoka fodya m'chigafa, ndipo pa changu palibe womuposa. Chinkamuchedwetsa n'chimodzi: Takondwa, mwana wake wamkazi wa zaka zinayi. Aa, koma kamwana kameneka kankalira! Anzake akakalanda chidole, kugubuduka m'fumbi. Phala likachedwa, mfuu mpaka kumsewu. Kapitawo anafika pofunsa kuti, "Kodi mayi, munabwera kudzasoka kapena kudzalera?"

Tsiku lina mtima utamupsa, Dailesi anatenga chisingano chosokera fodya n'kumuonetsa mwanayo. "Ukangoliranso, ndikakupereka kwa anesi akakubaye jakisoni wamkulu chonchi!" Mwana uja zii. Mawa lake anabwereza, mkuja chimodzimodzi, mpaka Takondwa anaphunzira kumeza misozi. Amayi anzake ankachita kumusirira, iyenso n'kumadzitama kuti wapeza mankhwala. Mankhwala ake ati!

Chaka chatha, nthawi yothyola fodya, Takondwa anaponda msomali kuseri kwa chigafa. Sanalire, sananene. Masiku atatu ankangokhala pamthunzi, phazi atalibisa m'diresi, ndipo Dailesi, maso ali pa fodya, ankati mwana wayamba nzeru. Anazitulukira tsiku lachinayi pomusambitsa: phazi litatupa ngati mbatata, thupi lili moto.

Enoki anawakweza panjinga mpaka kuchipatala. Takondwa atangoona anesi, anagwira chitenje cha amayi ake n'kunong'ona:

"Amayi, inetu sindinalire. Mwandibweretseranji?"

Dailesi anagwada pafupi ndi mwanayo. Anadziwa kuti wobisa chilondacho sanali mwanayo ayi, anali iyeyo, ndi pakamwa pake pomwe.

"Lira, mwanawe," anatero akumukumbatira. "Zikamawawa timalira, timanena."

Phazi linapola. Masiku ano Takondwa akakwiya, Dailesi amaika singano pansi n'kumukhazika pamiyendo mpaka anene chavuta, kaya kapitawo akwiye. Koma chikumudyabe mumtima n'chimodzi. Mwanayo akagwa, amayamba wayang'ana kaye nkhope ya amayi ake, kudikira kuti amulole kulira. Ndipo woyamba kugwetsa misozi amakhala Dailesi.