Mimba Yomera Kunja kwa Chiberekero

Chizindikiro choyamba chinali kupweteka kwa m'mimba, m'munsi chakumanzere, nyengo yokumba nsawa. Zinali zaka za Chitaganya, nthawi ya atsamunda, nditangokwatiwa kumene, tikukhala m'mudzi wa amayi pafupi ndi Sinda. Ndinkadziwa kuti ndaima, koma kwathu mtsikana wa mimba yoyamba sanena yekha. Amadikira kuti anamkungwi aone ndi maso awo, amuvinire chisamba. Ine ndinali wamanyazi, wofuna kuti akulu azindiyamikira mwambo, choncho ndinakhala chete.

Ululu unkabwera ndi kupita. Ndikadya ndinkasanza. Kenako ndinayamba kuona timagazi, ndipo ndikaweramuka m'munda maso ankachita mdima. Amayi akandiyang'anitsitsa ndinkangomwetulira. Tsiku lina ndinagwa pamtondo, munsi uli m'manja.

Amuna anga anabwereka ngolo. Inandifikitsa pamsewu waukulu, ndipo lole ya thonje inatinyamula mpaka kuchipatala cha mishoni ku Katete. Za ulendowo ndimangokumbukira fungo la masaka ndi dzanja la amayi pamphumi panga.

Dokotala atandipima, anati, "Magazi akutayikira m'kati. Tikadikira, timutaya." Namwino anamasulira mawuwo, amayi nkuvomera. Anandichita opaleshoni tsiku lomwelo.

Nditatsitsimuka, namwino uja anakhala pamphepete pa bedi. Anandifotokozera kuti mimbayo sinakhale m'chiberekero, inakamera pamatumbo. "Zili ngati nsawa yogwera pathanthwe," anatero. "Imamera ndithu, koma siingakule. Palibe amene anakulodzani, ndipo amuna anu sanalakwe kanthu." Kenako anandikodola. "Koma inu, achemwali, pakamwa munabwereketsa kwa yani?"

Ndinalira mwana amene sindinamuone. Komabe masiku a m'wodi muja ndimawakumbuka ndi mtima wofewa. M'mawa belu linkalira, anamwino nkubwera ndi jakisoni ndi madzi otsukira bala. Masana tinkadikira dokotala, maso ali kukhomo. Amayi ankaphikira kumsasa wa odikirira odwala, limodzi ndi azimayi ochokera kutali ngati ku Vubwi, ndipo ankagawana mchere ndi nkhuni ngati apachibale. Mayi wina wa bedi loyandikana ndi langa ankanditcha "mkamwini", poti ndinkadya nditayang'ana kukhoma. Madzulo tinkaimba nyimbo za kutchalitchi motsitsa mawu. Ndinaphunziranso kuyenda nditagwira mapewa a mayi uja.

Ndinabwerera kumudzi anthu akutentha kale tchire. Dokotala anandiuza kuti ndipumule kaye ndisanatengenso pakati, ndipo ndinamvera. Lero ndili bwino, ndimalima ndi kusenza madzi. Chipsera chimangonyerenyetsa kukazizira. Ndili ndi mwana wamkazi, ndipo anabadwira kuchipatala komweko.

Atsikana anzanga, mwambo ndi wabwino, inenso ndimaulemekeza. Koma mukaima, nkumamva ululu wa mbali imodzi, chizungulire, kapena kuona magazi, uzani munthu tsiku lomwelo, mupite kuchipatala. Anamkungwi sadzakwiya. Iwonso amafuna kuvinira munthu wamoyo.