Ndowa Ziwiri za Mpendadzuwa

Chaka chimene tinasiya fodya n'kuyamba kulima mpendadzuwa, mng'ono wanga anapeza banja. Pogawana ntchito za chinkhoswe, ine ndi kamwa langali ndinalumphira: "Za mafuta ophikira musavutike nazo, amenewo ndi ine."

Ndinapita kwa Nsaru, kwa bambo wina amene ali ndi makina ofinyira mafuta, kukafunsa kuti chigubu cha malita asanu chimadya mpendadzuwa wochuluka bwanji. Anati makilo makumi awiri. Ine mumtima ndinati basi zatheka. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti ndowa yodzaza bwino ndi makilo makumi awiri, chimanga timayeza choncho chikhalire. Ndinapatula ndowa ziwiri kuti zitulutse zigubu ziwiri, wotsalawo n'kugulitsa kwa mavenda.

Chinkhoswe chili mawa, ndinakhuthulira ndowa zija m'thumba n'kusenza. Panjira ndinkadzitama kuti mphamvu ndikadali nazo, katundu yenseyu khosi osawawa ngakhale pang'ono.

Bambo wa makina uja atakoloweka thumba pa sikelo, muvi unangopitirira pang'ono makumi awiri n'kuima.

"Sikelo yanuyi ndi yakuba, eti?" ndinatero nditapsa kale mtima.

Bamboyo sanakwiye. "Mayi, mpendadzuwa si chimanga. Tatengani kanjere kamodzi muswe."

Ndinaswa ndi mano. Khoko lokhuthala, mkati kamtima kowonda kakugwedera ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake. Njere ina ndinapeza mulibe kanthu n'komwe. Mkwiyo unathera pomwepo, chidwi n'kundigwira. Ndinakhala pansi kumaswa imodziimodzi, ndikudabwa kuti zaka zonsezi ndinkayesa kuti makilo amakhala mu ndowa, osati mu zimene wathiramo. Nanga mtedza wosasenda? Nanga soya? Ndinawapanikiza ndi mafunso mpaka anandikumbutsa kuti kumbuyo kwanga kuli anthu pa mzere.

Mantha anandipeza pobwerera, chigubu chimodzi chili m'manja. Pogwira pena panalibe.

Mafutawo anathera ku nkhuku ndi mpunga wa ankhoswe. Zitumbuwa sitinakazinge, kabichi ndi nyemba zinangowiritsidwa ndi tomato. Nthawi ya chakudya ndinaona mayi a mwamuna wa mng'ono wanga akusuzumira m'mbale, akutembenuza kabichi ndi chala kufunafuna pamene pakunyezimira. Manyazi amene anandigwira sindidzawaiwala.

Mng'ono wanga anaonanso. Anadzuka pamphasa, n'kukagwada pafupi ndi apongozi akewo.

"Amayi, pepani. Ndine ndinawauza achemwali kuti achepetse. Mafuta amandiwawitsa m'mimba."

Apongoziwo ndi munthu wabwino mtima, ndipo mawu aja anawasunga. Mpaka lero mng'ono wanga akapita kwawoko, amamuphikira kampoto kakekake ka ndiwo zowiritsa, ena onse akudya zonona. Iye ndikamufunsa amangoseka, koma ine zimandiwawa. Munthu wokonda zokazinga ngati ameneyu sindinamuone, koma kumeneko amadya zowiritsazo n'kuthokoza, ndipo sanawauzebe.