Simenti Yobiriwira ya Bambo Lorenso

Bambo Lorenso anali mmisiri womanga nyumba kwathu kuno kwa Mlolo, ndipo anali munthu wa zake zokha. Amisiri anzawo popaka simenti pansi ankasakaniza ufa wofiira wa okusayidi, koma iwo ankakakamira wobiriwira. Ife tinkawaseka kuti akudzala msipu m'nyumba kuti mbuzi zisamavutike kupita kudambo.

Iwo ankangoti, "Sekani. Ufa uwu ndi wa kromiyamu. Dzuwa la kuno siliusuwitsa, m'madzi susungunuka, ngakhale moto umaulephera."

Sankanama. Madzi a namondwe Fredi atabwera anagwetsa makoma a nyumba yawo, natenga denga, mbuzi, ndi akazi awo, mayi Magdalena. Tinafufuza m'mabango mpaka tinatopa, mtembo osaupeza. Maliro tinalira opanda manda. Bambo Lorenso atakokola mchenga pamene panali nyumba, anapeza simenti ija ili biriwiri ngati yapakidwa dzulo. Ine zinandinyansa. Chinthu chopanda moyo n'kumawala chonchija, munthu atapita!

Ambiri tinayamba kusamukira kumtunda, koma iwo anakana. Anazika kachisakasa pambali, m'mawa uliwonse n'kumasesa pansi pa nyumba yopanda makoma. Mitambo itayambanso kuda, mwana wawo Priska anabwera ndi ngolo kuchokera kwa Malemia kumene anakwatiwa. Anandipempha kuti ndimuperekeze.

"Baba, madzi akubweranso. Amayi anapita, kodi ndiluzenso inu? Kwerani tizipita."

"Nkhabe, sindichoka," anayankha motero. Kenaka anamugwira dzanja n'kupita naye pakona pamene panali khomo la kuchipinda, navundukula chiguduli. Pasimentipo panali patadindika phazi la munthu, laling'ono, chala chachikulu chopindikira kunja.

"Amayi ako awa. Anaponda isanaume, akuthamangira mphika. Ndinawakalipira tsiku lonse. Ndiwasiyire yani?"

Priska anakhala pansi n'kulira. Atapukuta misozi anati, "Ndiye tiwanyamule, baba. Inu si mmisiri?"

Mkulu uja anatenga tchizulo ndi hamala, nayamba kudula mozungulira phazilo pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkangoyang'ana kumbali, chifukwa ndinkadziwa kuti madzi anali atakokolola dothi la kunsi, simentiyo inkangolendewera. Mtundu unali wolimba ndithu, koma unali kachikopa chabe pamwamba. Atatsala pang'ono kumaliza, tinamva kuti thee! Mng'alu unadutsa pachidendene mpaka kuzala, phazi lonse n'kugwera m'dzenje zidutswazidutswa.

Bambo Lorenso anatola kachidutswa kamodzi, nakatembenuza, koma sikankaonetsa kuti n'chala kapena n'chiyani. Anakabwezera pansi bwinobwino, nakwera ngolo popanda wowauza.

Ng'ombe zitayamba kuyenda anati, "Priska, mwanawe, madzi aja anandisiyirako amayi ako. Ndawaswa ndine."