Chimkuzamawu Choloza Kumsika

Chitsulo chija ndikadali nacho. Ndi chimsomali chachikulu chokhomeredwa m'kamtengo kamene kanapsa mbali imodzi. Amalume ankachiika pa makala mpaka chifiire, n'kumasungunulira mtovu polumikiza mawaya. Pa Nsanje, aliyense amene wayilesi yake yasiya kulankhula ankabwera nayo pakhonde pathu, kuseri kwa msika. Bambo anapita kukadula nzimbe, ndipo pakhomo tinatsala atatu: ine, amalume, ndi amayi amene anali ndi pakati.

Chaka chimenecho madzi atangophwa, anyamata a chipani anabwera ndi galimoto yawo yolengezera misonkhano. Padenga pake panali zimkuzamawu ziwiri, china choloza kutsogolo, china kumbuyo. Galimotoyo inawoloka madzi ku Chiromo, ndiye ampulifaya yokweza mawu, imene inali pansi pa mpando, inamwa matope. Chakutsogolo chinkalira bwinobwino. Chakumbuyo chinali zii. Anaiimika pansi pa mtengo wa nimu, kumbuyo kwake kutaloza kumsika.

"Loweruka kukubwera mlendo wamkulu. Zilire zonse ziwiri," anatero wamkulu wawo. Sanafunse ngati amalume angathe. Amalume anabadwira kutsidya kwa malire, analowa m'dziko muno kudzera pa Marka akadali mnyamata, ndipo munthu wotere sankayerekeza kukana za chipani.

Sabata imeneyo ndimaikumbuka ndi fungo: matope owuma, dzimbiri, utsi wa mtovu. Amalume anayamba ndi fyuzi, anaipeza ili bwino. Anagunditsa mawaya a chimkuzamawu chakumbuyo pa batire la tochi, chinati khrr. "Ichi n'chamoyo," anatero. Anasinthanitsa mawaya: chakumbuyo chinalira, chakutsogolo n'kukhala chete. Apo anadziwa kuti matenda ali m'kati mwa ampulifaya, mbali imodzi, ndipo mawaya aja anawabwezera monga analili. Anaitsegula, n'kumanyowetsa chala ndi malovu, kukhudza apa, kukhudza apo. Mbali yamoyo inkang'ung'udza. Yakufayo ayi ndithu. "Nkhabe," ankatero m'Chisena chawo, kutanthauza kuti palibe, n'kupukuta thukuta ndi mkono. Nsima ankangoilawa.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere: anachotsa waya wa chimkuzamawu chakutsogolo kuti chisawasokoneze, anakweza mawu mpaka mapeto, ndipo maikolofoni anaisiya yoyatsa pampando, kuti mbali yakufa ikangodzuka aimve. Lero ndimati, amalume inu, bwanji osaikamo kaseti? Koma ndani amaopa chinthu chimene chakhala chete sabata yonse?

Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo, amayi anabwera kuchokera kumsika alibe mchere umene anapitira. Maso ali psu. Anyamata a chipani anawabweza pachipata cha msika chifukwa khadi la chipani anali nalo limodzi, pomwe anyamatawo ankafuna lachiwiri, la mwana wa m'mimba. Anatsamira chitseko cha galimoto n'kuyamba kudandaula chapansipansi. Amalume anali atawerama, chitsulo chamoto chili m'manja, atangopeza kamng'alu pamtovu wakale. Anadonthezapo watsopano.

"Mwana wosabadwa agule khadi? Akuba amenewa, achimwene, akuba!"

Mawu a amayi anatulukira padenga la galimoto ngati bingu. Anadutsa mpanda, anadutsa ogulitsa nsomba, anakafika mpaka pachipata pomwe anawabwezera paja. Msika wonse unati zii.

Ine ndinalumpha. "Chalira! Amalume, mwakhoza, chalira!" Ndinaomba m'manja, ndekha.

Amalume anayang'ana amayi, anayang'ana mimba. Munthu amene sindinamumvepo akukalipira ngakhale nkhuku anatola maikolofoni n'kuiika pakamwa. "Akuba, eee! Ndikunena ndine, wokonza mawayilesi! Mawu amenewa ndi anga!" Anapitiriza, m'Chimang'anja, m'Chisena, kubwereza zomwezo mpaka mawu anasasa. Amayi anawagwira malaya, akulira, koma iwo anawakankha n'kuwalozera m'nyumba ndi chibwano.

Anyamata aja sanachedwe kufika. Asanawakweze m'galimoto, amalume anapempha chinthu chimodzi, kuti abwezere waya wa chakutsogolo. Anaubwezera, anatseka ampulifaya, anamanga masikuluwu onse. Kenako anyamatawo anawatenga amalume pa galimoto yomweyo. Anansi amene anafunsidwa pambuyo pake onse ananena chimodzi, kuti iwo anamva mawu a mwamuna.

Loweruka zimkuzamawu zonse ziwiri zinalira nyimbo m'tauni monse. Ine ndinathamangira galimotoyo ndi anzanga, ndikuwauza monyada kuti anakonza ndi amalume anga. Ndinkaganiza kuti awatengera ku Blantyre kuti akakonze zina. Chitsulo chawo ndinachichotsa pa makala ozima n'kuchisunga, kuti akabwera asavutike kuchifuna.

Mng'ono wanga anabadwa mwezi wotsatira, ndipo amayi anamutcha dzina la amalume. Ine zinandinyansa. Ndinawafunsa kuti nanga amalume akabwera, tikaitana azivomera ndani?